Chala Chakumanzere cha Bambo

Lolemba, 3 Juni

Achimwene aimbanso. A Tcheya athu, munthu wosatha kumwa tiyi popanda kuitanitsa msonkhano. Akuti pa 30 abale tikumane kuno. Nkhani ndi imodzi: Bambo achoke kwanga, apite kwa iwo, kunyumba yathu yakale kuseri kwa shopu. Zifukwa anazisanja bwinobwino. Ine ndimapita kuntchito, Alamu amakhala pakhomo tsiku lonse, kwanga kuli masitepe. Zonsezo ndikanazimeza. Koma kenako anati, "Iwe, tisanamizane. Bambo anapita kale mu Febuluwale, ukusungacho ndi thupi chabe." Ndinadula foni ndisanatukwane.

Thupi chabe! Munthu amene analemba zikwangwani za theka la msewu waukulu ndi dzanja lake. Sitiroko yatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu onse, n'kusiya limodzi lokha: eya. Mukufuna madzi? Eya. Simukufuna? Eya. Mupite kwa Achimwene, eya. Mukhale kwa ine, Kaburashi wanu, eya. Ndiye a Tcheya akuti m'katimo mulibe munthu. Kumeneko akangowakhazika pakhonde ngati thumba la simenti, n'kumawasuntha dzuwa likawapeza.

Sapita. Ndatero ine.

Lachinayi, 6 Juni

Ntchito ndabwera nayo kunyumba. Abwana akufuna mapatani atsopano a nsalu za makatani, ndipo mwachizolowezi akuwafuna dzulo. Ndinatsegula Khola pa tabuleti, Bambo ali pambali panga pa mpando wawo wamatayala.

Ndilembe bwino za Khola, poti zikuoneka kuti ndidzalifotokozera anthu oopa ngakhale rimoti ya TV. Ndi pulogalamu imene ndinapanga ndekha. Chithunzi chilichonse m'menemo ndi mizere ndi madontho a mitundu, ndipo chili ndi manambala ake, titi magazi ake: mtundu wanji, kukula bwanji, chikhale pati. Pagalasi pamabwera zithunzi khumi ndi ziwiri. Ndimakhudza ziwiri zimene zandigwira mtima, amenewo ndiwo makolo. Khola limadula manambala awo, theka kwa uyu theka kwa uyo, n'kubereka ana atsopano. Mwa apo ndi apo nambala imodzi imasintha yokha, mwana n'kubadwa wosafanana ndi kholo lililonse. Ameneyo ndimamutcha mwana wa aneba. Ukamasankha m'badwo ndi m'badwo, zithunzi zimatsata mtima wa wosankhayo. Wongogogoda popanda chimene akufuna amangopeza matope.

Ndiye ndinadzuka kukazimitsa ketulo. Pobwerera, chala cha Bambo, chakumanzere, chili pagalasi. Akhudza chimodzi. Akhudza china. Ana abadwa. Akhudzanso.

Ndinangoima pakhomo la khitchini, dzanja lili pakamwa. Tiyi mpaka anazizira.

Lamulungu, 9 Juni

Ndawakopera Khola langa kuti likhale lawolawo. M'mawa ndisananyamuke, masana ndi Amayi a kuseri amene amawayang'anira ndikachoka, madzulo akamaliza mafizo, zowongola ziwalo zija. Sakana. Ndikangoika tabuleti patebulo, chala chadzuka kale.

Ndipo zithunzi zikuyenda! Si matope ayi. Zikupita kwinakwake: mizere yokhotakhota, pepo ndi olenji, tinthu tozungulira m'mbali. Munthu wopanda maganizo sangachite zimenezi. Umboni wanga wa pa 30 ndi umenewu.

Ndinatumizira Achimwene kavidiyo. Ayankha kuti ndi zabwino, koma ngakhale nkhuku imajompha galasi. Chabwino a Tcheya. Tidzaonana.

Lachitatu, 12 Juni

Mayi wa mafizo wakweza mtengo. Matewera nawo akwera. Nsapato zanga zidikire kaye, zingwe zake zikadalipo.

Kuntchito ndasindikiza chithunzi cha Bambo papepala lalikulu, Abwana atatuluka. Ndachikoleka m'chipinda chawo. Chokongola zedi. Ndikanati ndine ndinapanga.

Chimene chandiliza n'chakuti Bambo sanayamikirepo mitundu yanga chibadwire. Ankanditcha Kaburashi chifukwa ndinkawatsukira maburashi ndili kamwana, koma nditayamba kujambula zanga ankangoyang'ana n'kupukusa mutu. Pepo ankati ndi mtundu wa anthu olephera kusankha pakati pa kufiira ndi buluu. Nditapita kukaphunzira za makompyuta anati ndathawa fungo la penti. Lero munthu yemweyo akusankha pepo, m'badwo ndi m'badwo. Ndinawafunsa kuti Bambo, kani mumaukonda, mumangobisa? Eya.

Ndinapita kubafa kuti asandione.

Loweruka, 15 Juni

Alamu anabwera ndi sopo ndi lumo. Anawameta ndevu Bambo mwaluso, osawatema ngakhale pamodzi, uku akuwasimbira za makasitomala a kushopu, amene anakwatira, amene anathawa ndi ngongole ya chikwangwani. Bambo atatsinzina, nkhope ili phee. Ine ndikawameta amakunga khosi ngati ndikuwapha.

Ndinachita nsanje. Ndalemba, poti buku ili silikauza munthu.

Mayi ameneyu alibe vuto, ndicho chimandikwiyitsa. Akanakhala wamwano bwenzi nkhondo ili yosavuta. Chithunzi chija anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti chafanana ndi makatani anga a pabalaza. Ndinayankha kuti inde, mwana ndi bambo ake. Ananyamula chikwama chawo mwaulemu.

Lachiwiri, 18 Juni

Mbale. Ambuye, mbale.

Milungu yonseyi ndakhala ndikudandaula kuti Bambo sakumaliza chakudya. Lero ndinakhala moyang'anana nawo ndipo ndinaona bwino. Mpunga wa kumanzere kwawo wonse watha, wa kumanja uli chikhalire, malire ake owongoka ngati adula ndi rula. Ndinatembenuza mbale. Anadabwa, n'kuyambanso kudya, mpaka mbale mbee. Kani munthu ndakhala ndikumugoneka ndi njala.

Nditamuuza mayi wa mafizo anati zimachitika, sitiroko imatha kutenga theka la maso, chilichonse cha kumanja osachiona. Ananena akupinda thaulo, ngati nkhani ya nyengo.

Atangotuluka ndinakumbukira Khola. Chaka chatha, pofuna kusataya nthawi, ndinaliphunzitsa Khola kusanja ana. Ofanana ndi zimene ine ndinasankhapo kale limawaika kumanzere, achilendo kumanja. Ndipo Khola la Bambo ndinakopera langa, ndi chizolowezi chake chomwecho. Ndinatsegula kuona pamene chala chawo chakhala chikugwera. Kumanzere. Kumanzere kokhakokha, kuyambira tsiku loyamba.

Samasankha pepo. Amakhudza zimene akuona, ndipo zimene amaona ndi zimene ine ndimakonda. Ndakhala ndikudziyang'ana ndekha pagalasi n'kumalira kuti Bambo andiyamikira.

Alamu ananena zoona. Ndi makatani anga.

Lachitatu, 19 Juni

Kuntchito ndinangokhala. Abwana anafunsa za mapatani, ndinati akubwera.

Palibe amene akudziwa. Chithunzi chili pakhoma kale, kavidiyo ndinatumiza kale. Pa 30 ndikhoza kuima, kufotokoza za makolo ndi ana, Azakhali n'kuwomba m'manja, Bambo n'kukhala. Ndani angakafufuze kumene chala chimagwera? A Tcheya ngakhale pasiwedi ya foni yawo amawasungira ndi Alamu.

Ndaganiza zimenezi tsiku lonse, ndisaname. Mu basi, pa mzere wa buledi, posambitsa Bambo.

Koma ndiye kuti nanenso ndavomera kuti m'katimo mulibe munthu, kuti ndiyenera kuwalankhulira. Ndiye ine ndi Achimwene tikusiyana pati? Iwo amanena poyera, ine ndikubisa ndi pepo.

Ndachotsa chithunzi chija pakhoma. Ndikuyambanso. Masiku atsala ochepa, koma alipo.

Lachisanu, 21 Juni

Khola latsopano. Lopanda kanthu kanga ngakhale kamodzi, makolo oyamba ndi manambala ongotola. Zithunzi ziwiri zokha nthawi imodzi, china pamwamba china pansi, zonse mbali ya kumanzere, ndipo malo ake amasinthana mosadziwika. Ine ndimakhala kumbuyo kwa mpando wawo kuti asawerenge nkhope yanga. Amayi a kuseri ndawaletsa kunena kuti "ichi n'chokongola, agogo". Akhumudwa, koma apirira.

Ndapanganso khola lina pambali, lomwe kompyuta imangosankha mwachisawawa. Ndalitcha la chitsiru. Ngati la Bambo lifanana ndi la chitsiru, Achimwene apambana, ndipo ndidzavomera ndi pakamwa panga.

Dzulo palibe chooneka. Lero palibe. Matope uku, matope uku. Madzulo anakankha tabuleti mpaka inatsala pang'ono kugwa, n'kutembenukira kukhoma.

Ndili ndi mantha. Sindinachitepo mantha chonchi ngakhale tsiku lija kuchipatala.

Lolemba, 24 Juni

Pepo wafa! Woyamba kufa m'khola lonse ndi pepo. Ndinaseka mpaka Amayi a kuseri anasuzumira pawindo kufunsa ngati kuli bwino.

Mizere yokhotakhota nayo ikutha. Tozungulira tanga tonse apha, opanda chisoni. Yotsala ndi mizere yowongoka, yogona chopingasa, mitundu iwiri kapena itatu basi. La chitsiru likadali matope.

Ndipo kasankhidwe kake! Ayang'ana pamwamba. Ayang'ana pansi. Abwereranso pamwamba, chala chili m'malere, milomo atakweza ngati kale kasitomala akabwera ndi mawu olakwika sipelo. Zonse ziwiri zikawanyansa amagogoda tebulo ndi chikhadabo, go go go, mpaka ndiwabweretsere zina. Ndawaikira batani lokanira, koma iwo akufuna tebulo.

Alimo. Bambo anga alimo, ndi mwano wawo womwe. Ndinawagwira mapewa kuchokera kumbuyo, iwo n'kugwedeza phewa kuti ndiwasiye, ali pantchito.

A Tcheya, konzekani.

Lachinayi, 27 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Kuyambira Lachiwiri khola lonse linali litafanana: wobiriwira wakuda pansi, kirimu pamwamba. Koma Bambo osakhutira. Go go go. Ana abwere, go go go. Ndinkaona ngati atopa. Ndinakweza kusintha kwangozi kuja kuti ana a aneba achuluke, mwina pabwere chatsopano. Anabwera oipa ambiri. Kenako lero madzulo kunabadwa mmodzi ali ndi mzere wofiira, wonenepa, pamalo olakwika. Chala chinagwera pomwepo osadikira. M'badwo wotsatira anasankha wowonda. Wotsatira, wowonda kuposa. Anautsitsa pang'onopang'ono mpaka unakhala pamalire enieni a wobiriwira ndi kirimu.

Pamenepo sanakhudze ndi chala. Anaika chikhatho chonse pagalasi, n'kuchisiya pomwepo.

Ine kumbuyo kwawo ndinayang'anitsitsa: si chithunzi wamba, ndi khoma. Khoma limenelo ndikulidziwa. Ndi la chipinda chawo ndi malemu Amayi, kunyumba yakale. Analipenta okha. Wobiriwira wa mafuta pansi kuti manja athu akuda azipukutika, ndipo poyeza malire anandiimika ine, wamng'ono pa onse, n'kundiuza kuti ndikweze dzanja. Pamene zala zanga zinafika ndi pamene anadutsitsa chingwe chopaka choko. Ndinagwira mbali imodzi, Achimwene mbali ina, Bambo n'kuchikoka pakati, thwa, mzere wa choko pakhoma. Wofiirawo anaulemba ndi dzanja, osapumira, kuzungulira chipinda chonse.

Ndinafuna kuti alankhule. Alankhula. Akuti akufuna kwawo.

Lachisanu, 28 Juni

Ndinadzuka ndi kamsewu kothawira. Mwina si nyumba, mwina akungosowa Amayi. Mwina ndi mitundu chabe imene dzanja linazolowera. Wopenta aliyense ali ndi mitundu yake.

Ndiye ndinachita chimene ndakhala ndikuchizemba mwezi wonse. Popita kuntchito ndinadzera kushopu, ndinajambula geti la nyumba yakale ndili patsidya pa msewu ngati wakuba. Ndinajambulanso khomo langa. Madzulo ndinaziika pagalasi, china pamwamba china pansi. Geti. Ndinasinthanitsa. Geti. Ndinasinthanitsanso, ndinabwereza mpaka manyazi anandigwira. Komaliza anatembenuza khosi lonse kundifunafuna kumbuyo, n'kundiyang'ana ngati akuti iwe, wagontha?

Ndawasambitsa miyezi inayi. Ndaphunzira kuwanyamula osathyola msana. Chibwenzi chinatha, tulo tinatha. Ndipo akufuna geti la dzimbiri lija.

Ndakwiya. Ndawakwiyira iwo, munthu wodwala, ndipo ndikudziwa kuti n'kulakwa. Ndinawaveka zogonera. Pozimitsa nyali anagwira mkono wanga ndi dzanja lija, osausiya msanga.

Ndasindikiza khoma. Pepala la pepo lija ndang'amba, lisandiyese Lamulungu.

Lamulungu, 30 Juni

Anabwera onse. Azakhali pa mpando wabwino, a Tcheya ndi kapepala ka mfundo, Alamu kukhitchini kuthandiza zimene sindinawapemphe.

Ndinapempha kuyamba ine. Ndinafotokoza Khola, makolo, ana. Ndinanenanso za mbale ndi za kulakwitsa kwanga, kuti kavidiyo kaja kanali kabodza ngakhale sindinadziwe. Achimwene anayamba kumwetulira. Ndinati dikirani. Ndinaonetsa matope a chitsiru. Ndinaika tabuleti pamaso pa Bambo, nditasakaniza chithunzi cha khoma lija ndi makolo ake akale, ndipo ndinauza Achimwene kuti akhale kumbuyo agwire okha, ine ndituluke panja.

Ndili pakhonde ndinkangomva go go go. Kenako zii.

Nditalowa, chikhatho chili pagalasi, Achimwene atagwada pambali pa mpando, kapepala ka mfundo kali pansi. Anasamukira okha kumanzere kuti Bambo awaone. Mwamuna wamkulu, wa imvi m'ndevu, akungoti, "Bambo, ndine. Pepani, Bambo." Azakhali anayamba nyimbo.

Ndinatulutsa pepala lalikulu lija ndi kunena ndekha, asanandifunse, kuti Bambo akufuna kwawo ndipo apite. Mawu anatuluka owuma, koma anatuluka.

Pamenepo Alamu, ataima pakhomo la khitchini ndi thireyi, ananena motsitsa kuti khoma limenelo kulibe. Analipaka loyera chaka chatha, Bambo atagonekedwa koyamba kuchipatala, poti linkaoneka lachikale.

Ndinati ndiye sasamuka mpaka libwerere. A Tcheya, koyamba m'mbiri ya banja lathu, sanaitanitse mavoti.

Loweruka, 13 Julayi

Masabata awiri osalemba. Manja anali ndi zina.

Penti agula ndi Achimwene, ine maburashi. Wobiriwira tinasakaniza katatu, wogulitsa mpaka anatopa nafe, ine nditagwira pepala lija pambali pa chitini. Malire sitinavutike kuwapeza. Ukayendetsa zala pa loyeralo umamva kamtunda kakang'ono pamene panadutsa wofiira wakale. Pandifika m'chiuno. Kani ndinali kanthu kakang'ono chonchi.

Masitepe kulibe, ndivomere. Bedi taliika moti khoma ndi chitseko zikhale kumanzere kwawo. Alamu ndawaphunzitsa kutembenuza mbale, ndipo asoka kale kansalu kofiira m'mphepete mwa tebulo kuti Bambo azitsata mpaka kumanja. Sindinawauze ine zimenezo. Mayi ameneyu adzandipha ndi ubwino.

Mapatani a Abwana ndinapereka. Asankha a pepo. Pali anthu ena ozindikira m'dziko muno.

Mawa mzere wofiira, ndipo Bambo adzakhalapo.

Lamulungu, 14 Julayi

Tinawabweretsa m'mawa. Pa geti anatulutsa mawu amene si eya, kaphokoso chabe ka pakhosi. Tinawalowetsa m'chipinda, fungo la penti lili tho, iwo n'kulikoka ndi mphuno ngati munthu wafika pamene akuphika.

Chingwe ndi choko. Ine mbali iyi, Achimwene mbali iyo, monga kale. Tinakankhira mpando pafupi, Bambo anachikoka okha ndi zala ziwiri. Thwa.

Wofiira ndinalemba ine. Dzanja la kompyuta, losazolowera burashi. Ndisanafike patali, go go go pa chogwirira cha mpando. Ndinapukuta. Ndinayambanso. Go go go. Achimwene akuseka, akuti Kaburashi wabwerera ku sitandade wani. Kachitatu Bambo anandikoka siketi kuti ndigwade, anagwira dzanja langa, anatambasula kachala kanga kakang'ono n'kukatsamiritsa kukhoma kuti dzanja liziyenda potsamira. Sanandiphunzitsepo zimenezi ali bwino. Mzere unayenda.

Tabuleti ndaisiya komweko. Lamulo ndi limodzi: madzulo alionse a Tcheya akhale kumbuyo kwa mpando, pakamwa atatseka, Bambo asankhe. Khola latsopano, lopanda kanthu. Tione china chimene akufuna kunena.

Kuno kwangoti zii. Bedi lawo lopanda zofunda, matayala a mpando anasiya mizere pansi. Ndaphika zambiri mwachizolowezi. Ndadya theka, n'kudzipeza ndatembenuza mbale.

Alamu aimba posachedwapa. Akuti Bambo adya bwino, koma akukana kugona. Akugogoda, akuloza pakona ya kuchitseko, ndipo Achimwene ayang'ana ndi tochi apeza kuti mzere wakhota pang'ono pamenepo, mwina utali wa chala. Akufunsa ngati ndingabwere Loweruka ndi burashi, poti wina aliyense akayandikira ndi penti Bambo akumuthamangitsa.

Ndati ndibwera.

Wakhotadi. Ndinausiya dala.